Softener yasiya kudya mchere ndipo laimu wabwerera mu giza

Mayi wina wa ku Balaka wafunsa motere: "Pakhomo pathu tilipo anthu 6 ndipo timagwiritsa ntchito madzi a borehole. Pampu imakweza madzi mu thanki yomwe ili pa sitandi ya mamita 6, kenako madziwo amatsika okha kulowa m'nyumba. Titayezetsa anatiuza kuti hardness ndi 350 mg/L. Chaka chatha tinaikitsa softener ya malita 25 a resin, fyuluta ndi nyali ya UV. Poyamba zinali bwino, koma tsopano ketulo yayambanso kuyera mkati, elementi ya giza yapsa, sopo sakuchita thovu, ndipo mchere wa mu thanki yaing'ono ija sunatsike kwa miyezi itatu. Kodi makinawa afa? Nanga madziwa tingamwe?"

Mayi, musathamangire kugula makina ena. Hardness yomwe anakuuzaniyo ndi kuchuluka kwa laimu m'madzi, ndipo softener ndi makina ochotsa laimuyo. Zomwe mwalongosolazi zikuonetsa kuti softener yanu yasiya kudzitsuka, ndipo umboni wake ndi mchere wosatsikawo. Mkati mwa thanki yaitali ija muli timikanda tating'onoting'ono ta resin. Madzi akamadutsamo, timikandato timagwira kashiamu ndi magineziyamu, omwe ndi gwero la laimu, n'kutulutsa sodiyamu m'malo mwake. Tikadzaza sitigwiranso kanthu, madzi amangodutsa monga analowera. Kuti tiyambirenso ntchito tiyenera kusambitsidwa ndi madzi a mchere wambiri, omwe amakankha kashiamu uja n'kumutayira mu paipi yotayira. Ngati mchere sukutsika ndiye kuti kusambitsako sikukuchitika, kapena makina akungozungulira osakoka madzi a mchere.

Tiyeni tiwerengere kuti muone kukula kwa vutoli. Lita imodzi ya resin, ikatsukidwa ndi mchere wa magalamu pafupifupi 120, imagwira laimu wa magalamu pafupifupi 50. Malita 25 anuwo amagwira magalamu 1,250. Madzi anu ali ndi 0.35 galamu pa lita iliyonse, choncho resin amadzaza pakadutsa malita pafupifupi 3,500. Ngati munthu aliyense amagwiritsa ntchito malita 100 pa tsiku, banja lanu limatha malita 600, ndiye kuti makina ayenera kudzitsuka masiku 5 kapena 6 aliwonse, ndipo ulendo uliwonse adye mchere wa makilogalamu 3. Pa mwezi ndi makilogalamu 15, ndipo thumba la makilogalamu 25 lisamafike miyezi iwiri. Pa miyezi itatu mukunenayi matumba pafupifupi awiri akanatha.

Choyamba kuona n'chapafupi. Kumbuyo kwa mutu wa softener, chipangizo choyendetsa makinawa chomwe chili pamwamba pa thanki yaitali, kuli valavu ya bypass, yolambalalitsa madzi kuti asalowe mu resin. Nthawi zambiri pulambala akabwera kudzakonza mpopi kapena giza amaitembenuza n'kuiwala kuibwezera. Pa makina owerenga malita, bypass ikakhala yotsegula mita siyenda, ndipo makina amaona ngati sipanadutse madzi, motero sadzitsuka. Onaninso ngati wotchi ya pamutupo ikuonetsa nthawi yoona. Magetsi akazima nthawi yaitali mitu ina imasokoneza nthawi, ina imaiwala zonse zomwe inaikidwa.

Chachiwiri, tengani mtengo wa tsache mubaye mchere pang'onopang'ono mpaka pansi. Mukamva kuti pamwamba n'polimba koma pansi pali mphako, ndiye kuti mchere wagwirana n'kupanga denga, ndipo madzi a pansi sakuukhudza. Zimenezi zimachitika kwambiri nyengo ya mvula, chinyezi chikachuluka, komanso thanki ikadzazidwa mpaka pakamwa. Gumulani dengalo mosamala kuti musaboole thanki. Mukapeza phala la mchere ndi matope pansi, khuthulani zonse, tsukani thanki ndi madzi ofunda, yambirani ndi mchere watsopano. Mchere uzifika theka kapena kupitirira pang'ono, osati kudzaza.

Koma chomwe ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu ndi sitandi ya mamita 6 ija. Softener ilibe pampu yokokera madzi a mchere. Ili ndi kachipangizo kotchedwa injector, kabowo kopapatiza kwambiri komwe madzi amadutsa mwaliwiro, ndipo liwirolo ndi lomwe limayamwa madzi a mchere kuchokera mu thanki yaing'ono. Kuti kuyamwako kutheke, mitu yambiri imafuna mphamvu ya madzi yosachepera 1.5 mpaka 2 bar. Thanki ikakwera mamita 10 imapereka 1 bar yokha. Yanu ili pa mamita 6, ndiye kuti ikupereka pafupifupi 0.6 bar, fyuluta isanadyeko gawo lake. Resin watsopano amabwera ali wokonzeka kale kugwira ntchito, ndipo fyuluta ikakhala yoyera makina amatha kukokako mchere pang'ono, n'chifukwa chake poyamba munaona ngati zili bwino. Fyuluta itayamba kutsekeka, mphamvu yochepa ija inatheratu. Vuto limeneli n'lofala m'nyumba zodalira thanki ya pa sitandi, ndipo woikayo anayenera kuyeza mphamvu ya madzi asanamange chilichonse.

Mutha kutsimikiza nokha. Dinani batani loyambitsa kutsuka, kapena tembenuzani chogwirira ngati mutu wanu ndi wa manja. Gawo loyamba madzi amayenda chobwerera kwa mphindi pafupifupi 10 kutakasa timikanda ndi kutaya zinyalala, ndipo pa paipi yotayira payenera kutuluka madzi amphamvu, osati kudontha. Gawo lachiwiri ndi lokoka mchere, limatenga pafupifupi ola limodzi. Ikani chizindikiro pamene madzi alekezera mu thanki ya mchere, muonenso pakatha mphindi 15. Ayenera kukhala atatsika moonekeratu. Ngati sanatsike, masulani kapaipi kakang'ono kochokera ku thanki ya mchere, ikani chala pakamwa pa valavu. Chala chiyenera kuyamwidwa. Ngati chikuyamwidwa, vuto lili ku kapaipiko: kang'ambika, natiyo yakhwefuka n'kumalowetsa mpweya, kapena choyandama cha mu thanki chakanirira. Ngati sichikuyamwidwa, kapena madzi akutuluka m'malo molowa, tsekani madzi, tsegulani kachivundikiro ka injector, chotsani kabowo kaja ndi kasefa kake, viikani mu viniga kwa theka la ola, tsukani ndi mswachi wakale. Musatokose kabowoko ndi waya kapena singano chifukwa kakakula ngakhale pang'ono sikayamwanso bwino. Onaninso paipi yotayira kuti sinapindike kapena kukwera m'mwamba kwambiri. Zonsezi zikakhala bwino koma kuyamwa kulibe, yankho ndi pampu yowonjezera mphamvu, yoikidwa pakati pa thanki yaikulu ndi fyuluta, yopereka 2.5 mpaka 3 bar. Dziwani kuti mitu yambiri imaikidwa kuti izidzitsuka 2 koloko usiku, choncho pampuyo izikhala ndi magetsi nthawi imeneyo. Ngati kwanuko magetsi amazima usiku kapena mumadalira sola, sinthani nthawiyo ikhale masana pamene anthu sakusamba.

Zikakonzeka, resin amene wakhala wodzaza miyezi itatu sabwerera ndi kutsuka kumodzi. Tsukani kawiri, mosiyanitsa ndi maola 4 kuti mchere wina usungunuke. Lita imodzi ya madzi imasungunula mchere wa magalamu pafupifupi 360, ndiye kuti pa makilogalamu 3 aja makina ayenera kubwezera malita 8 kapena 9 mu thanki ya mchere. Akamabwezera ochepa, resin satsukika mokwanira, akamabwezera ochuluka mukungotaya mchere. Kenako yezani madzi a pa mpopi wozizira ndi timapepala toyezera hardness kapena mankhwala odonthezera. Musayeze a mu giza tsiku lomwelo chifukwa muli madzi akale.

Mchere wake ukhale wa softener, wa mibulu kapena wokhakhala woyera bwino. Mchere wa patebulo ndi wosalala kwambiri, umagwirana n'kukhala phala pansi. Wa pamsika woyezedwa m'mbale nthawi zambiri umakhala ndi mchenga, ndipo mchengawo umakathera mu injector.

Pa pepala lanu la zotsatira onaninso ayironi, chitsulo chosungunuka m'madzi. Madzi a m'zitsime zakuya ambiri amatuluka oyera, koma akakhala mu ndowa amasanduka ofiirira, ndipo amasiya dzimbiri mu sinki. Ayironi akapitirira 0.3 mg/L amayamba kuthimbiriritsa zovala, ndipo mu softener amakuta timikanda mwakuti mchere wokha sumuchotsa. Pa 1 mg/L iliyonse ya ayironi, onjezerani 70 mpaka 85 pa nambala ya hardness yomwe mumaika mu makina, ndipo miyezi itatu iliyonse thirani mankhwala otsukira resin mu thanki ya mchere. Akapitirira 2 kapena 3 mg/L, pakufunika fyuluta yakeyake ya ayironi softener isanafike. Kolorini nayenso amawononga resin pang'onopang'ono, timikanda timafewa n'kuphwanyika. Mukathira HTH mu thanki yaikulu poitsuka, tsegulani bypass kufikira fungo litatha. Resin wosamalidwa amatha kukhala zaka 8 mpaka 10 kapena kuposerapo, choncho wanu wa chaka chimodzi sanakalambe.

Tsopano laimu amene wamatirira kale, poti softener samuchotsa msanga. Kashiamu wa m'madzi a pansi pa nthaka amakhala wosungunuka chifukwa cha mpweya wa kaboni womwe uli m'madzimo. Madzi akatenthedwa mpweyawo umathawa, kashiamu n'kuuma pamalo otentha kwambiri, ngati nkhoko pansi pa mphika wa nsima. N'chifukwa chake ketulo ndi elementi ndi zomwe zimayamba kuvutika, pomwe paipi ya madzi ozizira imakhala zaka osatsekeka. Elementi ikakutidwa, kutentha kwake sikutulukira m'madzi, imadzitentha yokha mpaka kupsa. Madzi opitirira 180 mg/L amawerengedwa kale kuti ali ndi laimu wochuluka kwambiri, ndipo anu ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri pamenepo.

Musanayambe kutsuka, donthezerani viniga pa zoyerazo. Zikachita thovu ndi laimu, ndipo asidi wofatsa amusungunula. Zikasungunuka ndi madzi wamba, ndi mchere chabe wotsala madzi akauma. Zikakana zonse ziwiri, kawirikawiri ndi silika, yemwe softener samugwira, ndipo mankhwala ake ndi kupukuta magalasi ndi mipopi madzi asanaumirepo.

Mu ketulo thirani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana mpaka kumiza laimu yense, wiritsani, siyani ola limodzi, tayani, wiritsani madzi oyera kawiri n'kutaya. Ufa wa citric acid umagwira bwino kuposa viniga ndipo sununkha: masupuni aakulu awiri, pafupifupi magalamu 30, pa lita imodzi ya madzi otentha. Madzi a mandimu amagwiranso pa laimu wochepa. Mutu wa shawa ndi tisefa ta kukamwa kwa mipopi masulani n'kuviika usiku umodzi. Musagwiritse ntchito asidi wa mu batire ya galimoto kapena wa mu dziwe losambira, amadya chitsulo chonyezimira cha mipopi ndi malabala, ndipo amawotcha khungu ndi maso. Musasakanize asidi aliyense, ngakhale viniga, ndi Jik kapena HTH, pamatuluka mpweya wa kolorini womwe ungaphe munthu m'bafa lotseka.

Giza imafuna munthu wodziwa magetsi. Azimitse pa bokosi lalikulu la magetsi, atsimikize ndi choyezera kuti mawaya alibe moto, atseke madzi olowa, atsegule mpopi wa madzi otentha, akhuthule giza yonse. Akachotsa elementi apeza zibuma za laimu zitaunjikana pansi, azikokolole ndi dzanja kapena supuni ya pulasitiki, osati chitsulo chokanda, chifukwa mkati mwa giza muli utoto wa galasi woteteza ku dzimbiri. Kuika elementi yatsopano zibumazo zili momwemo ndi kutaya ndalama, imakwiririka n'kupsanso. Gasiketi ikhale yatsopano. Pomwepo aone anode, ndodo ya magineziyamu yomwe imadyeka m'malo mwa thanki. Madzi odutsa mu softener amaidya msanga kuposa madzi a laimu, choncho izionedwa chaka ndi chaka, ndipo ikatsala theka kapena waya wa pakati ukayamba kuoneka isinthidwe. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, n'kudabwa giza ikubooka patapita zaka zochepa ataika softener. Giza idzaze kaye mpaka mpopi utasiya kulavula mpweya, magetsi ayatsidwe pambuyo. Thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa giza, ikhale pa 60°C. Mukapitirira apo laimu amapangika msanga, mukatsitsa kwambiri mumapatsa malo tizilombo ta Legionella, tomwe timaswana m'madzi ofunda ndipo timayambitsa chibayo. Giza ya sola imavutika koposa chifukwa masana a mu Okutobala madzi ake amatha kuyandikira kuwira.

Funso lanu lachiwiri ndi lofunika kuposa loyamba. Laimu payekha si poizoni, kashiamu ndi magineziyamu ndi zinthu zomwe thupi limafuna, choncho kulephera kwa softener sikunaipitse madzi anu akumwa. Koma softener yogwira bwino ntchito sipha tizilombo, sichotsa nitrate wochokera ku zimbudzi ndi feteleza, sichotsa fuloraidi, ndipo sichotsa kukoma kwa mchere. Zitsime zina za m'dera lanu, komanso za ku Nathenje, Nsanje ndi Karonga, zimadziwika ndi fuloraidi wochuluka amene amathimbiriritsa mano a ana, ndipo malire omwe bungwe la WHO linaika ndi 1.5 mg/L. Ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, ndipo kumeneko softener siyithandiza pa vutolo ngakhale pang'ono, imangowonjezera sodiyamu. Pa 100 mg/L iliyonse ya laimu yomwe yachotsedwa, m'madzi mumalowa sodiyamu pafupifupi 46 mg/L. Kwa inu ndi pafupifupi 160 mg pa lita, kuwonjezera pa amene analimo kale. Kwa munthu wathanzi si wambiri, koma musasungunulire mkaka wa khanda, ndipo wodwala BP kapena impso amene anauzidwa kuchepetsa mchere asamadalire madzi amenewa. Njira yabwino ndi kusiya mpopi umodzi wa kukhitchini wosadutsa mu softener koma wodutsa mu fyuluta ndi UV yakeyake, kapena kuika RO, fyuluta yokankha madzi kudutsa pa kansalu kopyapyala kotchedwa membrane komwe kamatchinga zosungunuka m'madzi, pansi pa sinki ngati zotsatira zaonetsa fuloraidi, nitrate kapena mchere.

Chomwe chimakutetezani ku tizilombo ndi nyali ya UV, ndipo ikundidetsa nkhawa. Nyaliyo ili mkati mwa chubu cha galasi, ndipo miyezi itatu ya madzi a laimu iyenera kuti yachita chifunga pa galasilo. Kuwala kukatchingidwa tizilombo timadutsa tamoyo, nyali ikuyaka bwinobwino. Zimitsani, tsekani madzi, dikirani izizire, solorani chubucho mosamala, pukutani ndi nsalu yoviika mu viniga, ndipo musachigwire ndi zala zamafuta. Musayang'ane nyaliyo ikuyaka, imapweteka maso. Babu lake limasinthidwa pakatha maola pafupifupi 9,000, chomwe ndi chaka chimodzi, ngakhale likuoneka lamoyo, chifukwa mphamvu yophera tizilombo imachepa kuwala kooneka kusanathe. Lanu lakwana kale. Magetsi akazima UV sigwira, ndipo madzi odutsa nthawi imeneyo ndi osatetezedwa. Kufikira mutakonza zimenezi, madzi akumwa wiritsani kapena thirani WaterGuard motsatira muyezo wa pa botolo, makamaka nyengo ya mvula pamene kolera imabuka.

Dongosolo la zipangizo likhale lotere: thanki, pampu, fyuluta ya zinyalala, ya ayironi ngati ikufunika, softener, fyuluta ya 5 micron, kenako UV pamapeto. UV ikaikidwa softener isanafike imakutidwa ndi laimu msanga, ndipo tizilombo tomwe tingamere mu resin timafika ku mpopi popanda chotitchinga. Fyuluta ya zinyalala isinthidwe miyezi 3 mpaka 6, kapena msanga madzi akayamba kufooka. Ngati muli ndi mawotchi oyezera mphamvu mbali zonse ziwiri, kusiyana kwa 0.5 bar ndiye nthawi yake. Mafyuluta oyera a ulusi sachapidwa, amatayidwa. Fyuluta ya makala, ngati muli nayo, isapitirire miyezi 6 mpaka 12, chifukwa ikakalamba imasanduka chisa cha tizilombo. Posintha tsukani chikho chake ndi madzi othira Jik pang'ono, pakani girisi wa silicone pa labala yozungulira, mangani ndi manja okha. Kamodzi pachaka, kapena nyumba ikakhala yopanda anthu mwezi wathunthu, thirani Jik wosanunkhiritsa pafupifupi 50 ml mu chubu cha mu thanki ya mchere, yambitsani kutsuka, ndipo tsegulani mipopi kufikira fungo litatha.

Mukasankha RO, kumbukirani kuti nayonso imafuna mphamvu ya pafupifupi 3 bar, ndipo imataya malita 3 kapena 4 pa lita iliyonse yomwe yayeretsa. Ilandire madzi odutsa kale mu softener, apo ayi membrane imatsekeka ndi laimu miyezi yochepa. Yosamalidwa imakhala zaka 2 kapena 3. Gulani kachipangizo koyezera TDS, kuchuluka kwa zinthu zonse zosungunuka m'madzi: madzi olowa akakhala 600, otuluka azikhala pansi pa 60, ndipo akayamba kupitirira 100 kapena 120 membrane yatopa. Kachipangizo komweko sikakuuzani ngati softener ikugwira, popeza softener imangosinthanitsa kashiamu ndi sodiyamu, nambala ya TDS sitsika. Ena amalakwitsa pamenepa n'kutaya makina abwino.

Ogulitsa ena akuuzani za maginito kapena waya wokulunga pa paipi, osafuna mchere. Zimenezo sizichotsa kashiamu, mukayeza hardness imakhala yomweyo, ndipo pa 350 mg/L sindingakulangizeni kuziikira giza yanu. Tizitini ta polyphosphate timachedwetsako laimu pa madzi ozizira ndi ofunda, koma mphamvu yake imachepa madzi akatentha kwambiri.

Madzi otayidwa pa kutsuka kulikonse amatha kufika malita 150 kapena 200, ndipo ndi amchere. Musawalozetse ku dimba, ku mitengo ya zipatso kapena pafupi ndi borehole yanu. Akhale ndi dzenje lawolawo la miyala kumunsi kwa chitsime, ndipo kukamwa kwa paipi yotayira kulekeze m'mwamba pang'ono, kusamire m'madzi oipa, kuti asayamwidwe kubwerera mu makina. Mpopi wothirira ndiwo zamasamba utengedwe softener isanafike, popeza sodiyamu amaumitsa nthaka ndipo mukungowononga mchere.

Zonse zikakonzedwa, tengani madzi a pa mpopi wa kukhitchini ndi a pa borehole penipeni m'mabotolo osiyana, mukayezetse ku Central Water Laboratory ku Lilongwe kapena ku Malawi Bureau of Standards. Pemphani kuti ayeze E. coli, hardness, ayironi, manganese, fuloraidi, nitrate, sodiyamu, pH ndi TDS. Botolo la kuyeza tizilombo mukalitenge kwa iwo eni, likhale mozizira, ndipo lifike tsiku lomwelo. Muzibwereza kamodzi pachaka mvula ikangoyamba, ndipo nambala ya hardness ikasintha musinthenso yomwe ili mu mutu wa softener.